Maliro a Munthu Wamoyo ku Ligowe

Ku Ligowe anthu odziwa ragibi anali ochepa, ndipo oyamba onse anali amuna amene anakagwirapo ntchito ku Joni. Anabwerako ndi majekete achikopa, mawailesi, komanso chikondi cha mpira wooneka ngati papaya, umene osewera amathamanga nawo m'manja n'kumagwetsana ngati nkhunzi zolimbirana khola. Laimoni ankakonda timu yovala zoyera ya mumzinda umene ankagwirako ntchito yosamalira maluwa. Gilbert, mwini golosale ya pafupi ndi chigayo, ankafera timu yovala zofiira. Anthu ankangoti Oyera ndi Ofiira. Loweruka likafika ankakumana m'holo ya kanema ya Stefano, ndipo amuna a kabaza, amene poyamba ankangoseka, nawonso anagawana mbali.

Stelia, mlongo wake wa Laimoni, analibe nazo ntchito zonsezi mpaka tsiku limene Ofiira anagonjetsa Oyera mu fainolo. Tsikulo Gilbert ndi anzake anatenga bokosi la matabwa, analikuta ndi nsalu yoyera, n'kuuyamba ulendo wa kwa Laimoni akuimba nyimbo za maliro. "Laimoni watisiya! Laimoni wapita!" Laimoniyo anali atabisala kwa mnzake pothawa chipongwe. Pakhomo panali mayi ake okha, aNangozo, akupeta nyemba pakhonde. Atamva dzina la mwana wawo m'kamwa mwa anthu onyamula bokosi, anadzambatuka, anaphonya sitepe, n'kugwera pamwala. Fupa la m'chiuno linathyoka. Achipatala ku boma anayesetsa, koma aNangozo sanayendenso.

Gilbert anapita kukawaona kamodzi kokha, atanyamula paketi ya shuga. "Anali masewera chabe, mayi," anatero ataimirira kumapazi kwa bedi. "Tinkangosangalala basi." Laimoni anagwedeza mutu n'kumuperekeza mpaka pageti. Patapita milungu ingapo awiriwo anali atayambiranso kukhala holo imodzi.

Stelia ndiye anasiya geni yake ya manachesi ku Zalewa n'kubwerera kumudzi. Iye ndiye ankawasambitsa mayi, kuwatembenuza, kuwabereka kumsana popita kuchimbudzi. Mayi amene ankakwera phiri atasenza dengu la kachewere anapepuka ngati mtolo wa mapesi. Nthawi zina Stelia akawatsitsa pamphasa, ankayang'ana njira yopita kugolosale mpaka maso kuwawa.

"Mpaka liti, Stelia?" Laimoni ankamufunsa. "Munthu anapepesa."

"Anapepesa kwa inu, achimwene. Msana wanga sanaupepese."

Chaka chitazungulira, m'nyengo yachisanu, Laimoni anabwera madzulo ena akumwetulira, n'kunena kuti Oyera ndi Ofiira akumananso mu fainolo Loweruka. Stelia ankadziwa zimene mudzi wonse unkadziwa, kuti Lamulungu lotsatira kwa Gilbert kunali chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, Takondwa, ndipo abale a mnyamata ochokera ku Dambe adzafika Loweruka n'kugona komweko.

M'mawa mwake anapita kwa Alfred, kalipentala amene anali wa Oyera mpaka m'magazi.

"Ndikufuna bokosi, aAlfred."

Alfred anaika randa pansi. "Amayi atani kodi?"

"Amayi ali bwino. Bokosilo ndi la aGilbert. Mulikute ndi nsalu yofiira."

Alfred anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga tikaluza?"

"Mudzalisandutse shelefu."

Loweruka masana Stelia anasiya mayi ake m'manja mwa mnansi, anafunda chitenje paphewa, n'kulowa m'holo ya Stefano. Munali amuna okhaokha, ndi fungo la thukuta, fodya ndi chimanga chootcha. Phokoso linazirala kwa kanthawi. Laimoni anatsitsa chipewa kumaso. Gilbert, amene anakhala kutsogolo atavala jezi yake yofiira yothina pamimba, anatembenuka.

"Eti lero tili ndi alendo! Mwabwera kudzaphunzira kulira, achemwali?"

"Kulira ndinaphunzira kale," anatero Stelia, n'kukhala pabenchi pafupi ndi Alfred.

Mpira unayamba, ndipo iye sankamvetsa kanthu. Ankaona amuna akuluakulu akuwerama, kukolowekana mapewa, n'kumakankhana ngati akufuna kuzula chitsa. Wina akathamanga ndi mpira ankaponyera kumbuyo m'malo mwa kutsogolo. Holo ikakuwa, Stelia ankakoka malaya a Alfred.

"Tachinya?"

"Ayi, atichinya ndi iwowo."

"Nanga bwanji refayo sakuwaletsa? Taonani akumukoka mwendo!"

"N'zololedwa zimenezo."

Pofika nthawi yopuma Ofiira anali ndi mapointi khumi, Oyera asanu ndi imodzi. Gilbert anakwera pabenchi n'kuvina akugwedeza mimba, anzake akumuombera m'manja. Anagula nzimbe n'kugawira a mbali yake okhaokha. Stelia anaganiza za bokosi lija, limene linali kuseri kwa shedi ya Alfred litaphimbidwa ndi matumba, ndipo anapemphera pemphero limene sakanalinena mokweza m'tchalitchi.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, wosewera wina wa Oyera, wamfupi ngati mtondo, anaboola pakati pa Ofiira n'kudziponya kuseri kwa mzere. Mabenchi anagwa. Laimoni anaponya chipewa kudenga. Koma refa anajambula chizindikiro cha kanema m'malere ndi zala zake kuti aonenso bwino, ndipo kanema anabwereza pang'onopang'ono, kachiwiri, kachitatu. Mpira unali utamupulumuka m'manja asanauike pansi.

"Palibe! Palibe!" anakuwa Gilbert. "Manja a batala!"

Amuna awiri a kabaza anagwirana m'makolala, ndipo Stefano anaopseza kuti azimitsa jenereta. Stelia anapezeka ataimirira, akutukwana refa amene sankamudziwa n'komwe dzina.

Oyera sanafooke. Anakankha, anakankhanso, mpaka wina anakagwera pakona mpira uli pachifuwa. Apa refa anakweza dzanja kuvomereza chigolicho. Womenya anaphonya mapointi owonjezera, komabe Oyera anatsogola ndi pointi imodzi. Chimwemwecho sichinakhalitse. Ofiira anapatsidwa penate, mpira unadutsa bwinobwino pakati pa mitengo iwiri ya golo, ndipo anabwereranso patsogolo, khumi ndi atatu kwa khumi ndi imodzi. Nthawi inali kutha. Gilbert anayamba kung'ung'udza nyimbo ya maliro, yomwe ija ya chaka chatha, akumuyang'ana Laimoni m'mbali.

Sayirini yosonyeza kutha kwa nthawi inalira. Stelia anagwira m'mutu.

"Khalani pansi," anatero Alfred. "Sunathe. Umatha mpira ukatuluka."

Oyera anaugwira mpirawo ngati mwana wakhanda. Ankagwa, kudzuka, kupatsirana, kugwanso. Kenako wa Ofiira wina anagwera pampira molakwika, ndipo wezulo inalira. Penate, koma kutali, pafupi ndi pakati pa bwalo.

Womenya anaika mpira, anabwerera m'mbuyo, anapukuta manja pakabudula. Laimoni anatembenukira kukhoma. Gilbert analuma kolala ya jezi yake. Mpira unakwera, unapendekera kumanja, unagunda mtengo, n'kugwera mkati.

Malata a holo ananjenjemera. Amuna anakumbatirana, ena anagubuduka m'fumbi, wina anathamanga panja atanyamula benchi pamutu. Laimoni ankalira misozi yeniyeni. Stelia yekha anaima chilili.

"Tawina?" anafunsa.

"Ndi pointi imodzi!"

"Katengeni bokosi."

Gilbert anatuluka m'holo, ndipo analiona likubwera pamapewa a amuna anayi, lofiira ngati phwetekere. Anayesa kuseka, koma ataona kumene alozetsa mutu wa bokosilo, nkhope yake inasintha. Anathamangira kwa Stelia.

"Mayi, chonde, osati lero. Kwathu kuli alendo. Bwerani Lolemba, ndidzalinyamula ndekha."

"Chaka chatha kwathu kunali amayi."

"Ndikugwadirani. Mwana wanga sanalakwe kanthu."

"Nanga amayi analakwa chiyani?"

Laimoni anamugwira mkono. "Stelia, tawina. Zakwana."

"Mwawina ndinu, achimwene. Ine sindinayambe." Anachotsa dzanja lake, n'kuuza amuna awiri a kabaza kuti amuchedwetse Gilbert. Anamuzinga akuvina, kumukumbatira, kumupukuta misozi yabodza, ndipo gululo linanyamuka.

Stelia ndiye anatsogolera. Anamasula duku, anaika manja kumutu, n'kuyamba kulira maliro monga amalirira amayi a kumudzi, mokoka mawu, mofika patali. Sanavutike kupeza misozi. "Gilbert iwe! Watisiya bwanji, Gilbert! Mwana umusiyira ndani!" Amuna anavomera nyimbo kumbuyo kwake, ndipo anthu ankatuluka m'nyumba, ena akuseka, ena atagwira pakamwa.

Kwa Gilbert kunali utsi ndi chimwemwe. Amayi ankasenda kachewere, ena akusefa thobwa, alendo a ku Dambe atakhala pamipando pansi pa mtengo wa mapeyala. Jessie, mkazi wa Gilbert, ndiye anayamba kumva. Anaimirira mpeni uli m'manja, anamvetsera, ndipo bokosi litatulukira pakona ya mpanda anakuwa mawu amene Stelia sanawaiwale. Anadzigwetsa pansi n'kumagubuduka. Amayi ena anamutsatira. Takondwa anatuluka m'nyumba tsitsi lili lolukidwa mbali imodzi, anaona bokosi, anati "Adadi," n'kukomoka pakhomo. Ndowa ya thobwa inatayika. Alendo anavula zipewa.

Onyamula aja anaika bokosi pakati pa bwalo, ndipo nyimbo inayamba kuwathera m'kamwa. Stelia anapitiriza yekha. Ankayang'ana Jessie m'fumbimo, ndipo mumtima mwake munali phee, ngati munthu amene watula katundu pambuyo pa ulendo wautali.

Kenako Gilbert anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi itatsala m'njira. "Ndili moyo! Jessie, ndili moyo! Ndi za mpira!"

Mlendo wina wachikulire analumpha mpanda. Jessie anadzuka pang'onopang'ono, anamugwira mwamuna wake kumaso, kenako anamumenya mbama imene inamveka mpaka kumsewu.

Stelia anapukuta misozi ndi chitenje, anamanganso duku lake. "Pepani, amake Takondwa," anatero mofatsa. "Anali masewera chabe."

Malume ake a mnyamata, bambo wamtali wa imvi, anafunsa kuti amufotokozere. Atamva zonse, kuyambira za chaka chatha, anavala chipewa chake. Anati bokosi likalowa pabwalo tsiku la chinkhoswe lisanafike ndi malodza, ndipo iye sangakhale pansi kukambirana za banja pamalo pamene anthu amasewera ndi imfa. Alendo anatenga zikwama zawo n'kukagona kwa wachibale wawo kutsidya kwa mtsinje. Gilbert anawatsatira akupepesa mpaka kumlatho, koma sanacheuke.

Stelia anafika kwawo dzuwa litangolowa. Anawakhazika mayi ake tsonga, anawatsamiritsa pilo, n'kuwafotokozera zonse, osasiya ngakhale za nsapato. ANangozo anamvetsera maso ali kudenga.

"Mwanayo anadzuka?" anafunsa.

"Anamuthira madzi. Anadzuka."

"Nanga Gilbert analira?"

"Analira, amayi."

"Ndipatse madzi akumwa," anatero aNangozo, ndipo atamwa anapempha kuti awaonjezere ndiwo, zimene anali asanachitepo kwa miyezi yambiri.

Chinkhoswe sichinachitike Lamulungu limenelo. Ankhoswe anayenda maulendo ambiri pakati pa Ligowe ndi Dambe, ndipo chinadzachitika mvula itayandikira, kwawo kwa mnyamata, popanda Gilbert kupatsidwa mpata wolankhula. Akulu a mpingo anamuitana Stelia n'kumuimika kumvano wa amayi. Anawamvera mpaka kumaliza, anawathokoza, n'kufunsa ngati chaka chatha anaimikanso munthu wina aliyense. Laimoni anakhala nthawi yaitali osadya pakhomo, ndipo Stefano anaika lamulo loti mkazi asalowenso m'holo yake tsiku la ragibi. Takondwa, amene kale ankamutchula kuti anti, ankawoloka msewu akamuona.

Zimenezo zinamupweteka Stelia kuposa mmene ankayembekezera, koma sanapite kukapepesa.

M'mawa wina anakumana ndi Jessie pamjigo. Panalibe munthu wina. Jessie anapopa madzi mpaka ndowa yake kudzaza, anapinda nkhata, anasenza yekha osapempha thandizo, kenako anaima.

"Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino, kaya inu."

"Bokosi lanu lija tinasunga," anatero Jessie. "Lili m'khitchini. Ndinalipaka mafuta kuti chiswe chisadye. Tsiku lina tidzakubwezerani."

Stelia anaika ndowa yake pansi pa mpopi n'kugwira chitsulo.

"Mwachita bwino," anatero. "Matabwa ake ndi abwino amene aja."