Masekondi Atatu

Lamulo la ku ofesi yoyeza mafilimu linali lalifupi: kupsompsonana kusapitirire masekondi atatu. Sekondi imodzi inali zithunzi makumi awiri ndi zinayi, ndiye kuti chikondi chololedwa ndi boma chinali zithunzi 72. Zotsala ankazidula, kuzilemba m'buku, n'kuzitentha Lachisanu mumgolo wa kuseri kwa ofesi.

Wodula wake anali mayi amene anzake ankangomutchula kuti Sizasi. Anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi chimodzi m'kachipinda kopanda zenera, konunkha guluu. Bwana wake ankatchedwa a Wotchi, chifukwa milomo ikangoyandikana pa chinsalu, iwo ankagwira wotchi n'kuyamba kuwerenga mokweza.

Mwamuna wa Sizasi, mphunzitsi wa masamu, anatuluka m'nyumba pa 4 Malichi, chaka cha zipolowe, ndipo sanabwerenso. Mu Meyi kunafika kalata ya boma yonena kuti tsiku lomwelo anatuluka m'dziko mwa kufuna kwake. Apongozi a Sizasi, mayi a mwamunayo, amene ankakhala nawo m'nyumba ya zipinda ziwiri, anaikhulupirira kalatayo.

"Mwamuna sathawa nyumba yofunda," ankatero akamasesa, osayang'ana munthu. Anatero zaka zitatu.

Filimu ina inafika Lolemba pa 6 Juni. Anaijambula azungu mumzinda momwemo zipolowe zili mkati. Inali nkhani ya namwino ndi mnyamata woukira boma, ndipo inaloledwa chifukwa kumapeto mnyamatayo amalapa n'kukadzipereka yekha. A Wotchi anaonera yonse akuyasamula, mpaka awiriwo atakumbatirana pakhonde la nyumba yosanja.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu! Ee, anthu awa sapuma? Mayi Sizasi, chotsanipo ziwiri."

Sizasi anatenga mpukutuwo n'kuuyendetsa pa tebulo lake, chithunzi chimodzichimodzi. Kumbuyo kwa okondanawo kunali msewu, ndipo positi ofesi inali kuyaka. Aliyense mumzindawo ankadziwa kuti inapsa pa 11 Malichi. Sekondi yachinayi itayamba, lole ya asilikali inalowa chakumanzere. Kumbuyo kwake kunali anthu okhala pansi, manja atamangidwa. Wachitatu kuchokera kumapeto anatembenuka. Magalasi ake anali omanga ndi waya mbali ya kumanja. Wayayo anamanga ndi Sizasi yemwe.

Anawerenga. Nkhopeyo inali pa zithunzi 31. Pa 11 Malichi, sabata yathunthu kuchokera tsiku la m'kalata lija, mwamuna wake anali mumzinda, pa lole.

Kuba chidutswa kunali kosatheka, chifukwa zodulidwa ankaziyeza ndi tepi asanazitenthe. Koma lamulo linkangoti masekondi atatu. Silinkanena kuti ati. Chiyambire aliyense ankadula kumapeto. Iye anadula awiri oyambirira.

"Zakwana?" anafunsa a Wotchi.

"Zithunzi 72, bwana."

A Wotchi anaonera, maso ali pamilomo. "Koma ayamba mwadzidzidzi, ngati agundana pakona. Zilibe kanthu." Anasaina.

Kunyumba Sizasi sanaulule zimene anaona. Apongozi ake anali a m'kamwa mopepuka. Zomva m'mawa, madzulo zinkakhala zitafika kwa amayi onse a kwaya. Anangowauza kuti akawaonetse filimu Loweruka masana.

"Ine ku kanema? Ndi ukalamba uno ndikatoleko chiyani?"

"Amayi, sindinakupemphenipo kanthu chikwatiwire. Tiyeni. Ndikakugwirani dzanja, muyang'anitsitse, musaphethire."

Loweruka pa 18 Juni holo ya kanema inadzaza. Anakhala mzere wachisanu ndi chimodzi. Apongozi anakhala chowongoka, chikwama pamiyendo, ngati ali pabenchi ya kuchipatala. Mfuti zikamalira sankagwedezeka. Namwino atasoka bala la mnyamata uja, apongozi anang'ung'udza kuti, "Mtsikanayu ndi waulemu."

Patapita mphindi 52 khonde lija linaoneka. Sizasi anawagwira dzanja. Milomo inakumana, anyamata a kutsogolo anaimba malikhweru.

Apongozi anasolola dzanja lawo, nakokera mpango kumaso.

Zaka khumi ndi chimodzi akuwerenga milomo ya anthu, Sizasi anali ataiwala kuti palibe mayi angayang'ane zoterezi atakhala pambali pa mkazi wa mwana wake.

"Amayi, onani!"

"Ndione chiyani? Manyazi ulibe iwe?"

"Kumbuyoko! Pa lole! Ndi iwowo, mwana wanu!"

Malikhweru anali atatha, ndipo mawuwo anamveka patali kuposa mmene anafunira. Apongozi atatsitsa mpango, pa chinsalu panali namwino akusamba m'manja. Mzere wa kumbuyo kwawo, bambo wina wa jekete yotuwa anadzuka mwakachetechete, napempha njira.

Panja, padzuwa, Sizasi anawafotokozera zonse: positi ofesi, tsiku, magalasi, waya. Apongozi anamvetsera atatsamira khoma.

"Anali wowonda?"

"Pang'ono."

"Malaya anavala ati?"

"Amizere aja munawasokera kolala."

Kenako apongozi anati, "Bwanji sunandiuze, mwana iwe? Ndikanayang'ana ngakhale akanavula zonse." Anapukuta mphuno. "Lolemba tibwerenso. Mpango ndiusiya kunyumba."

Lamlungu holo sinkatsegulidwa. Lolemba m'mawa Sizasi atafika ku ntchito anapeza mgolo wa kuseri ukufuka, ngakhale silinali Lachisanu. Mipukutu yonse isanu ndi umodzi ya filimu ija inali mmenemo. A Wotchi anali m'kachipinda kake, ataimirira, wotchi ili m'thumba. Pampando wa Sizasi panakhala bambo wa jekete yotuwa, buku la zodulidwa lili chotsegula patsogolo pake.

"Mayi," anatero a Wotchi ndi mawu osasa, "abwanawa akufunsa kuti masekondi atatuwa anasankha ndani."

"Lamulo limati atatu, bwana. Atatu ndinasiya."

"Lamulo tikulidziwa," anatero wa jekete uja, akutseka buku. "Tengani chikwama chanu. Sizasiyo isiyeni."

Galimoto imene anamukwezamo inadutsa kutsogolo kwa holo nthawi itangokwana 11 koloko. Filimu inkayenera kuyamba 2 koloko, koma apongozi ake anali atafika kale. Anaima okha pachitseko chokhoma, mutu wa imvi uli pamtunda, akudikira kuti atsegule.