Salanieta ndi Timitengo ta Lali

Mwana wanga Salanieta anabwerera kusukulu patatha chaka chathunthu madokotala a ku mzinda wakutali wa Auckland atamuchotsa chotupa muubongo. Tsitsi linali litamera, koma dzanja lamanzere linali lofookabe.

Asanadwale ndiye ankaimba lali, ng'oma ya mtengo wogoba yoitanira ana m'kalasi. Iye atachoka, aphunzitsi a Waisale anapereka timitengo take toimbira kwa Peniasi, mwana wa achimwene anga.

Kuno pachilumba cha Kadavu msuweni wako sakupatsa ulemu. Amakunyoza pagulu, iwe n'kubweza, ndiye chibale chimenecho. Peniasi ankamutcha Salanieta Nkhanu kuyambira akukwawa. Koma tsopano ankamunyamulira chikwama, kumusiyira pamthunzi, n'kumamufunsa motsitsa mawu ngati wadzuka bwino.

Madzulo ena tikusenda chinangwa, Salanieta anandifunsa osandiyang'ana.

"Amayi, Peniasi akundipatsa moni ngati ndine abusa. Pali zimene madokotala anakuuzani, inu n'kundibisira?"

Ndinamuuza kuti palibe, kuti chotupa chinachoka chonse. Sanandikhulupirire. Kuyambira tsikulo anayamba kupala kokonati yense wa pakhomo ndi dzanja lofookalo, ngakhale amene sitinkamufuna.

Lolemba lina inali nthawi yanga yophikira ana kusukulu. Ndinamuona Salanieta akupita pa lali n'kutambasula manja kuti Peniasi amupatse timitengo. Peniasi anayang'ana aphunzitsi, aphunzitsi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mphika.

Peniasi anamupatsa. Salanieta atamenya koyamba, kamtengo kakumanzere kanapulumuka n'kugwa mumchenga. Peniasi anawerama kuti akatole, koma Salanieta anakaponda. Anakatola yekha, n'kuyambiranso. Lamanzere linkatsalira pang'ono, ng'oma inkamveka ngati ikutsimphina, koma inamveka ndithu, mpaka asodzi kugombe anadzutsa mitu. Sanasiye kufikira ana onse atafola.

Peniasi anakanda mutu, akulimbana ndi kamwa lake. Kenaka mawu anamupulumuka.

"Iwe Nkhanu, ndege yonse ija unakwerera zimenezi? Ngakhale ng'oma wayamba kuiyendetsa cham'mbali."

"Ine ananditsegula mutu n'kupezamo ubongo," anayankha Salanieta. "Iwe akadapezamo madzi a kokonati."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, ndi a Waisale omwe. Salanieta anamuponyera chikwama chake Peniasi, kenaka anamulandanso, nati anyamula yekha. Timitengo anatisomeka m'chiuno, n'kulowa m'kalasi.

Nsomba zanga zinapserera tsiku limenelo. Palibe anadandaula.