Mafoni a M'denga la Mbewu

Kumudzi kwa a Gracinda, kumtunda kwa Lifidzi, rede, netiweki ya foni, inkagwira malo amodzi okha: m'denga la nyumba ya mbewu. Ukakhala pakhomo pako, foni inkangokhala duu ngati mwala. Koma ukakwera kamtunda pamene panali nyumbayo n'kuisomeka mu udzu wa dengalo, mbali yoyang'ana ku Ulongwe, mauthenga ankalowa motsatizana.

Nyumbayo inali ya gulu la alimi a mbatatesi, mabanja khumi ndi asanu ndi awiri. M'kati mwake munali mathandala odzaza mbewu yosankhidwa, yomwe inali itayamba kutulutsa mphukira zofiirira, kudikira mvula yoyamba. Mbewuyo anaichulukitsa okha kwa zaka zitatu, kuyambira pa matumba awiri, ndipo inalibe matenda ofotetsa aja amene anamaliza minda ya midzi yoyandikana nayo. Kiyi wa nyumbayo ankasunga a Gracinda. Anawasankha chifukwa sankaopa nkhope ya munthu.

M'mawa uliwonse anthu ankadutsa pamenepo asanatsikire kudimba. Aliyense ankasomeka foni yake mu udzu, n'kuilumikiza ku waya wochokera pa painelo ya dzuwa, ndipo masana ankabwera kudzaona amene waimba. Mafoni ake anali a mtundu umodzi, akuda, a mzere wofiira kumsana. Onse anagula ku loja, sitolo imodzi ya ku Ulongwe, chaka chimene anakolola bwino. Pofika chilimwe chino ambiri mwa mafoniwo anali atatupa, zivundikiro zikukanuka. Anthu sanade nazo nkhawa. Ankadula kachidutswa ka chubu cha njinga n'kumanga, ndipo ikatupitsa ankaipsinja ndi mwala usiku wonse.

Lolemba uthenga unalowa m'mafoni onse nthawi imodzi. Unali wa Chipwitikizi, choncho anapatsa a Gracinda kuti awerenge. Unkati bateriya ya foni imeneyi ikhoza kuyaka moto, aithimitse ndipo aibweze kumene anagula kuti akapatsidwe ina.

Woyamba kuseka anali a Gracinda eniake. Ndi iwo amene anaphunzitsa mudzi wonse kuti uthenga wolonjeza chinthu chaulere umachokera kwa akuba.

"Fufutani," anatero. "Mawa adzati tumizani ndi nkhuku yomwe."

Onse anafufuta.

Lachinayi m'mamawa a Gracinda anakwera chapa, minibasi ya kumeneko, kupita ku Ulongwe kukagula feteleza. Podutsa pa loja ya a Aurélio, kumene mafoni aja anagulidwa, anaona pepala lalikulu pachitseko, pali chithunzi cha foni ya mzere wofiira. Asanamalize kuwerenga, a Aurélio anawakodola.

"Mayi a ku Lifidzi! Ndakhala ndikukuimbirani, simuyankha bwanji? Yanu ili kuti?"

A Gracinda anaitulutsa pampango, ili chimangire ndi chubu. A Aurélio anailandira ndi zala ziwiri ngati chinkhanira, n'kuiika m'bokosi lachitsulo lodzaza mchenga. Kenako anawaonetsa chinthu china chakuda, chopindika, chonunkha utsi.

"Iyi inali ya mphunzitsi wina wa ku Domwe. Inayaka ili patebulo, makope a ana onse anapsa. Mwamwayi anali pafupi. Zikatentha kapena zikapanikizika, zimayaka zokha. Kwanu mumaziika pati?"

"M'denga."

"La malata?"

"La udzu."



"Nanga pansi pa dengalo pali chiyani?"

A Gracinda anatuluka msangamsanga. Feteleza sanagule. Anathamangira chapa imene inali itayamba kale kuyenda, n'kukwera ataimirira, mutu uli chowerama pansi pa denga la galimoto ulendo wonse.

Anafika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Kumtunda kunalibe munthu, onse anali kudimba. Mphepo youma inkawomba kuchokera kum'mawa, ndipo udzu wa denga unkathetheka wokha ndi kutentha. Anazula mawaya onse, n'kuyamba kusolola mafoni imodziimodzi. Anapeza khumi ndi imodzi. Yomaliza, yomwe inali m'kati kwambiri, inali yotentha ngati mbatata yongofukula kumene paphulusa. Anaidziwa chifukwa cha chubu chomangidwa kawiri. Inali ya a Silvestro, mkulu wa amuna awo, amenenso anali presidenti wa gululo.

Anatenga basiya lachitsulo, anathiramo mchenga, n'kukwirira mafoniwo. Basiyalo anakaliika padwale, mapazi makumi awiri kuchokera panyumba. Atatero anakhala pakhomo la mbewu, khasu lili pamiyendo.

Woyamba kufika anali a Zeferina, mayi wachikulire amene pakamwa pake sipankapuma. Anapisa dzanja mu udzu, osapeza kanthu.

"Gracinda, foni yanga yauluka?"

"Ili m'basiya umo. Musaikhudze."

"Waibzala? Imera liti?"

Ena anafika, aliyense akupisa mu udzu n'kutembenuka. A Gracinda anafotokoza kamodzi, momveka: uthenga uja unali woona, pepala lili pachitseko cha loja, ndipo aona ndi maso awo foni yopsa. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndipamene a Silvestro anatulukira, thukuta lili kamukamu, matope a kudimba ali m'miyendo.

"Kwagwanji? Maliro?"

"Alamu anu akwirira mafoni," anatero a Zeferina. "Mwafika bwino, mupereke mawu a kumanda."

A Silvestro sanaseke. Anali atadula kabichi dimba lonse m'mawa womwewo, ndipo mwini kamiyawu, lole ya ku Tete yodzanyamula kabichiyo, analonjeza kuimba masana kuti anene pokumana. Kabichi wodula sadikira mawa pa dzuwa lotere.

"Alamu, si inu munatiuza kuti tifufute?"

"Ndi ine. Lolemba ndinalakwitsa. Lero sindikulakwitsa."

"Ndiye Lolemba likubwerali mudzatiuza zina? Chaka chathunthu mafoni akugona m'denga umu. Lapsa kangati?"

"Likapsa kamodzi, mudzabzala chiyani?"

A Silvestro anapita padwale, anafukula foni yawo, n'kuikuntha mchenga. Chubu china chinali chitaduka, chivundikiro chitakanuka moti chala chikanalowa.

"Iyo ndiye yatsala mwezi umodzi," anatero a Zeferina. "Mwakonza matewera, a presidenti?"

Anthu anaseka, koma a Silvestro analunjika kudenga. A Gracinda anaimirira, n'kupingasa mpini wa khasu kuchokera pakhoma kufika pa nsanamira ya khonde.

"Chotsani mpiniwo."

"Sindichotsa."

"Kiyi ndi wanu, tinakupatsani tokha. Koma denga ndi la tonse. Udzu uwu ndinamweta nawo ine."

"Mbewu ili pansi pakenso ndi ya tonse. Kabichi ndi wanu nokha."

Bambo wina kumbuyo anati mkazi ameneyu wakula mtima, kiyi alandidwe. Wina anavomereza. A Gracinda anamva bwinobwino, ndipo anadziwa kuti akangoyamba kukweza manja, ambiri akhala kumbali ya a presidenti, poti aliyense anali ndi mwana ku Tete kapena ku Lilongwe amene ankaimba masana. Anamasula kiyi pampango n'kumuponya pansi.

"Tolani. Koma foni yotupa silowa mu udzu uwu ine ndili chiimire. Mundinyamule kaye."

Palibe anatola. A Silvestro anawayang'ana alamu awo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo anaona kuti kuwanyamula si ntchito ya munthu mmodzi.

"Chabwino. Vuto lanu ndi kutupa? Kutupa ndikuthetsa pompano, muone. Ikaphwa, muchotse mpiniwo."

"Alamu, musaipsinje. A Aurélio anena kuti..."

"A Aurélio akufuna tigule zina!"

Anabwerera padwale, anagoneka foni chafufumimba, n'kuikapo mwala wophwatalala monga ankachitira masiku onse. Koma lero analibe usiku wonse wodikira. Anapondapo ndi phazi limodzi, kenako anakwerapo ndi thupi lonse.

Panamveka kuti tswiii, ngati madzi ogwera pa chiwaya. Utsi woyera unatuluka pansi pa mwala, wonunkha mankhwala. A Silvestro anadumpha, patapata wawo n'kutsalira pomwepo. Nthawi yomweyo lawi linafwamphuka cham'mbali, lalitali ngati mkono, ndipo linakagwira udzu wouma m'mphepete mwa dwale.

Mphepo inali kuloza kunyumba ya mbewu.

Anthu anabalalika. A Gracinda anathamangira kumoto. Anakankha mwala ndi khasu, anakokolola foni yoyakayo n'kuiponya pakati pa dwale pomwe panalibe choyaka. Kenako anakuwira a Berta, mmodzi wa amayi a m'gululo, ndi anthu ena onse.

"Berta, chotsa basiyalo, pita nalo kutali! Amayi, nthambi! Inu abambo, palani kutsogolo kwa moto, musauthamangitse kumbuyo!"

Mawu awo anabweza anthu. Amayi anathyola nthambi za bulugama n'kuyamba kupuntha. A Zeferina, ndi ukalamba wawo wonse, anavula nsalu yapamwamba n'kumakwapula nayo, uku akutukwana moto ndi a presidenti pamodzi. A Gracinda anaima pakati pa moto ndi nyumba, akupala udzu, akuwaza dothi, utsi ukuwalowa m'maso. Zipsepse zinkauluka pamwamba pa mutu wawo. Chimodzi chinatera pa udzu wa khonde, n'kuyamba kufuka. A Silvestro, phazi limodzi lopanda patapata, analumpha n'kuchizula ndi manja pamodzi ndi udzu wake, n'kuchipondaponda.

Moto unathera mapazi atatu kuchokera pakhoma.

Kwa kanthawi kunangomveka kutsokomola. Padwale foni ija inali ikufukabe, itasanduka chikala chopindika, ndipo pambali pake panali patapata wosungunuka theka.

A Gracinda anatola kiyi pomwe anamuponya paja, anatsegula chitseko, n'kulowa. M'kati munali mozizira, mukununkha dothi. Anayenda thandala ndi thandala, akugwira mbatatesi apa ndi apo. Mphukira zinali bwinobwino, zazifupi, zonenepa. Anatuluka ndi imodzi m'manja n'kuikweza m'mwamba.

A Zeferina anayamba nthungululu, amayi onse n'kulandira. Bambo amene ankati kiyi alandidwe anali kalikiliki kuyang'ana mpini wa khasu lake.

"Zikanayakira m'denga muja tonse tili kudimba," anatero mayi wina, osamaliza.

A Silvestro anakhala pamwala, akuuzira zikhatho zawo zomwe zinali zitachita matuza. Atakhala pang'ono anadzutsa mutu.

"Alamu."

"Ndikumva."

"Nanga rede tiziigwira kuti?"

"Bulugama wautali uja wa kumunda kwanu. Mudule, tiuimike padwale pano, tipachike kabokosi ka malata. Painelo isamukire pomwepo. M'denga simulowanso waya."

"Bulugama wanga?"

"Wanu."

A Silvestro anayang'ana anthu. Palibe anawathandiza.

"Mawa m'mawa," anatero.

A Gracinda anauza aliyense amene anali ndi foni ya mzere wofiira kunyumba kuti akaitenge. Zinabwera zina zinayi. Anazithimitsa zonse, anazikwirira m'basiya, ndipo chikala chija chitazizira anachiika m'chitini chake chokha, kuti a Aurélio akachione. Anapinda nkhata, a Berta anawasenzetsa.

"Ndipatseni numeru ya mwini kamiyawu," anauza a Silvestro. "Ndikamuimbira ku loja, kabichi wanu asafote."

A Silvestro anakanda mutu, n'kuloza chitini.

"Inali momwemo."

A Zeferina anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ndiye nyamukani," anatero a Gracinda. "Makamiyawu a ku Tete amaima kumsika wa Ulongwe. Mukamufune ndi maso."

Anatsika kamtunda, basiya lili pamutu, khosi lili chilili. Amayi anawatsatira mpaka kumsewu, akuimba nyimbo yongopeka pomwepo, ya foni ya a presidenti yomwe yabereka moto. Kumbuyo kwenikweni kunkabwera a presidenti eniake, atavala nsapato zobwereka zomwe zinkawathina, atanyamula chitini ndi manja awiri, kutali ndi thupi.