Bowa wa m'Khola Lopanda Ng'ombe

"Bowa wa ambulera musamudye musanandionetse," anatero a Perpétua, enfermera, namwino wathu wakale, titatuluka m'kapela Lamulungu lina. Anthu anangoseka. Njala ya Dezemburu wa 1986 sinkamvera enfermera.

Kwathu ku Lifidzi anthu a mfuti anali atatenga ng'ombe zonse. Mvula itagwa, m'makola opanda kanthu munamera bowa wambirimbiri. Tsiku lina m'mawa amuna anga a Tarsisio anabwera naye wodzaza lichero, atagawana ndi a Anselmo, anansi athu.

"Phikani, mayi a Olinda. Mwanayu dzulo wagona ndi madzi okha."

"Ayambe amuona a Perpétua."

"Inunso ndi mantha anu! Nkhono zamudya uyu, ndiye ife atiphe?"

Ine ndine wamantha ndithu. Tsamba likagwa ndimacheuka. Ndinabereka Olinda, ndinanyamula lichero.

A Perpétua anautembenuza mutu wa bowa mmodzi. "Nkhono si munthu, mwanangu. Pepala loyera uli nalo?"

Ndinang'amba tsamba m'kaderno, kope langa lakale la ku sekondale. Iwo anadula mutuwo, nkuuika chafufumimba papepala, nkuvundikira ndi mbale. "Tiusiye mpaka dzuwa lipendeke. Tiye ukamuone wa ambulera weniweni."

Tinamupeza pa udzu, m'mphepete mwa thengo. Anali wamtali, mmodzi apa, wina uko.

"Taona mwendo wake, uli ndi mawanga ngati khungu la njoka. Gwira mpheteyi." Ndinaikankha, inatsetsereka kukwera ndi kutsika. "Pakati pamutu pali kachotupa, kunsi nkoyera ngakhale akalambe. Wako uja mwendo ndi wosalala, amakonda manyowa, amamera mozungulira ngati anthu a pamlandu. Akamakula kunsi kumabiriwira."

"Ndiye woyera kunsi aliyense ndi wabwino?"

"Ayi! Uzikumba mpaka kutsinde. Ukapezako kathumba, mutaye, ameneyo amapha. Zizindikiro zigwirizane zonse, osati chimodzi."

Titavundukula mbale, papepala panali fumbi lobiriwira. Bowa uja anali wapoizoni. Ndinamukumbatira Olinda mpaka analira.

Kwa a Anselmo anali atadya kale masana. Tinawapeza onse anayi akusanza ndi kutsegula m'mimba. A Perpétua anawiritsa madzi, anathiramo kamchere ndi kashuga komwe ankasunga, ife tikumwetsa ana pang'onopang'ono ndi supuni.

"Mkazi wanga amandiuza ine," anabuula a Anselmo.

"Imwani, mukangane mukachira," anatero a Perpétua.

Amuna anga analiyang'ana pepala lija nthawi yaitali. Kenako anagwada pamaso pa a Perpétua. "Mayi, mwatisungira mwana. Zikomo."

Mpaka lero ndimauza aliyense zomwe ndinaphunzira: bowa amene simukumudziwa bwino, kamuonetseni kwa womudziwa. Mukakayika, musiyeni. Njala ya tsiku limodzi imapiririka.

Dzuwa likulowa, mayi wina wothawa kuchokera kumunsi anatiuza kuti anthu a mfuti afika kutsidya kwa mtsinje. Tinayang'anana. Odwala sakanatha kuyenda mpaka kumalire ku Kalomwe, koma ife tinali ndi mphamvu.

"Ana a Anselmo akwera njinga yanga, ine ndizikankha," anatero a Tarsisio. "Akuluwa tiziwagwiriziza. Mayi Perpétua, mangani katundu wanu, sitikusiyani. Tambala asanalire tikhala tili panjira."