Zenera la Alcides pa Sinema Yakale

Gulu la alimi a mbatatesi a ku Lulimile linalibe posungira zokolola. Eni nyumba yakale ya sinema mu Lichinga atawabwereka nyumbayo, alimiwo anaomba m'manja, koma wapampando wawo, Mayi Luzia, sanaikonde ngakhale pang'ono. Kunja inali yokongola ndithu, khonde lozungulira ndi kazenera kogulitsirapo matikiti, koma m'kati munali mdima wa ndiweyani. Pansi panali potsetsereka, moti thumba likangomasuka, mbatatesi zinkathawira kutsogolo, Mayi Luzia, munthu wamfupi, akuzithamangitsa uku akulalata.

"Amene anamanga nyumbayi anali ataledzera," ankatero.

Mlamu wawo Alcides, munthu wosasowa yankho ngakhale asanafunsidwe, anati, "Alamu, iyi ndi nkhani yaing'ono. Tiboole khoma, tiike janela lalikulu, zenera loti kuwala kuzilowa. Timabowo tam'mwambato titseke, tikungolowetsa chisanu. Pansipa tidzathira simenti, pawongoke."

Mayi Luzia anavomera. Khoma linabooledwa, timabowo tinamatidwa ndi dothi, ndipo njerwa zogumulidwazo Alcides anakamangira khola la nkhuku kwake.

Pasanapite nthawi, mbatatesi za pafupi ndi zenera zinayamba kubiriwira, ndipo za m'makona zinanyowa n'kuyamba kununkha. Ogula a kumsika anangozitembenuza n'kuchoka. Mayi Luzia anagwidwa ndi mantha, pakuti m'nyumbamo munali thukuta la chaka chonse la mabanja amene anawakhulupirira.

Tsiku lina kunafika Esmeralda, mphunzitsi wa zomangamanga, amene ankabwera ndi ophunzira ake kudzajambula khonde lija. Ataona bowolo anagwira pakamwa.

"Mayi, wavulaza khomali ndani?"

"Timafuna kuwala, aphunzitsi," anayankha Mayi Luzia mwamanyazi.

"Filimu siioneka powala, n'chifukwa chake omanga sanaike mazenera. Batata yanuyi nayonso imafuna mdima. Ikakhala powala imabiriwira, ndipo yobiriwirayo musadye, imadwalitsa. Timabowo mwamatato ndi mopumira nyumbayi. Muno munkadzaza anthu, mpweya wotentha n'kumatulukira m'mwambamo. Omangawo anakukonzerani nkhokwe osadziwa."

"Nanga potsetserekapa?"

"Apo musakhudze. Ntchito yake ndidzakuonetsani."

Tsiku lomwelo anatsegula timabowo ndi kutaya mbatatesi zoonongeka. Potseka bowolo panabuka vuto, chifukwa njerwa za masiku ano sizinkafanana kukula ndi zakalezo. Maso onse anatembenukira kwa Alcides.

"Ndiye nkhuku zanga zigona kuti?" anadandaula.

"Muziboolere janela kuchipinda kwanu, alamu," anatero Mayi Luzia, anthu n'kufa nazo nseko.

Njerwa zinabwerera pa wilibala, zina zili ndi nthenga, ndipo ophunzira a Esmeralda anazibwezera m'malo mwake. Mbatatesi zambiri zinapulumuka, ndipo gululo linazigulitsa bwino mvula itayandikira.

Matumba atatha, Esmeralda anabwereka makina oonetsera filimu. Loweruka masana anthu a ku Lulimile ndi Namacula anadzaza nyumbayo, ena atanyamula mipando ya kwawo. Mayi Luzia anachedwa, ndipo malo anawapeza kumbuyo kwenikweni. Anakhala pansi atataya mtima, pakuti moyo wawo wonse, kutchalitchi ndi kumisonkhano, ankangoona misana ya anthu.

Khoma loyera lakutsogolo litawala, anadzidzimuka. Mitu yonse inali m'munsi mwawo, ngakhale wa Alcides wamtali uja, ndipo chithunzi ankachiona chonse. Anapondaponda pansi potsetsereka paja, nanong'oneza Esmeralda amene anali pambali pawo.

"Aphunzitsi, womanga nyumba uja sanaledzere. Ankaganizira ife afupi."

Phunziro: Nyumba yakale imakhala ndi zifukwa zake, ngakhale zimene maso athu sakuziona msanga. Tisanagumule, kuboola kapena kumata, tifunse odziwa zomangamanga. Tikaisamala, imatitumikira lero ndipo ana athu adzaipeza ili chiimire.