Amugoneka Mawa

Estele anabisa chotupa cha m'bere lake kuyambira dzinja mpaka masika. Ankamangira nsalu m'mwamba, ndipo mwamuna wake Isake, wolima m'munda wa tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje, ankangoti ndi manyazi a mkwatibwi. Tsiku lina kumtsinje nsalu inamasuka. Amayi Joice, mtsogoleri wa amayi a mpingo, anachiona, nagwira pakamwa.

Kuchipatala cha mishoni dokotala anati ndi nthenda yodya mnofu, imene lero timati khansa. Womasulira anati, "Lolemba adzakugonekani, achotse chotupacho."

Isake anamva mawu amodzi okha. Kwao, kugoneka munthu kunali kumuika m'manda.

Lamulungu Isake anaimirira m'tchalitchi chaudzu. "Abale, mkazi wangayu amugoneka mawa."

 Kenaka Amayi Joice anayambitsa nyimbo ya maliro, ndipo Estele anakhala pamphasa akumva anthu akumulira ali moyo.

Isake anamunong'oneza, "Tiwoloke mtsinje wa Muloza lero lomwe, tipite kwathu. Mpeni usakukhudze."

Pomwepo analowa a Pilato, otsuka zilonda kuchipatalako, atachedwa monga mwa masiku onse.

"Watisiya ndani?"

"Palibe, koma mawa adokotala anu amugoneka Estele," anayankha Amayi Joice.

"Ndiye mukuimbira maliro munthu amene akukupenyani? Kugoneka kwathu ndi kwa tulo, mayi. Timadontheza mankhwala pakansalu, wodwala anunkhize, agone osamva ululu. Tikamaliza amadzuka."

"Onse amadzuka?" anafunsa Isake.

"Sindingakunamizeni m'nyumba ya Mulungu. Mpeni ndi mpeni. Koma ambiri ndawaona akudzuka n'kupempha madzi. Mukathawa, chotupacho chiwoloka nanu Muloza."

Estele anaimirira pang'onopang'ono. "A Isake, ndinachibisa chili ngati nyemba, lero chili ngati dzira. Sindibisalanso. Amayi, sinthani nyimbo."

Lolemba mpingo unagwada pansi pa mtengo wa mbawa kunja kwa chipatala. Anapempherera Estele, manja a dokotala, ngakhalenso kansalu kaja. Isake ankapemphera maso ali pachitseko. Dzuwa linafika pamutu, nkhungu inachoka paphiri, chitseko chili chotsekabe.

Potsiriza a Pilato anatuluka akupukuta manja, nkhope ili gwa. 

"A Isake, akazi anu akufunsa ngati munatsegulira nkhuku m'mawa."

Isake anangokhala pansi pafumbi, akuseka misozi ili mbwee. Nkhukuzo anali ataziiwaladi.

Bala linapola, ndipo dzinja lotsatira Estele anadzala chimanga ndi manja ake.

Tsono mukaona chotupa m'thupi, musachibise. Pitani kuchipatala chikadali chaching'ono. Mawu a dokotala akakuopsani, funsani tanthauzo lake. Ndipo mpingo upempherere wodwala pomuperekeza kuchipatala, osati kumuimbira maliro ali moyo.