Moyandikana ndi Nyumba ya Mkaziyo

Zaka khumi ndi zisanu akugwira ntchito pakhoti, womasulira wina anali asanapunthwepo pa mawu. Tsiku lina woweruza analamula kuti bambo wina, amene anathyola mkono mkazi wake, asadzapezekenso moyandikana ndi nyumba ya mkaziyo. Womasulira anawatchula mawuwo bwinobwino, mlandu n'kutha.

Pakhonde, mayiyo anamugwira malaya ndi dzanja labwinolo.

"Pepani achimwene, moyandikana ndiye kuti chiyani?"

"Ndi chilankhulo cha pakhoti, mayi. Ndiye kuti pafupi."

"Nanga pafupipo pamathera pati? Tsidya la msewu ndi pafupi?"

Womasulirayo njala inali itamugwira, anzake akumukodola pageti. "Musadandaule, pepala la khotilo likutetezani," anatero, n'kumapita.

Patatha milungu itatu mayiyo anabweranso, ataonda mpaka diresi kumulendewera m'mapewa. Anati bambo uja amakhala pabenchi ya wosoka nsapato, moyang'anizana ndi zenera lake, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Salankhula, sawoloka. Apolisi akuti msewu ndi wa aliyense.

"Ndilankhula ndi bwana," womasulira analonjeza. Sabata imeneyo milandu inachuluka, nkhaniyo n'kumuchoka m'mutu.

Mayiyo sanaonekenso. Koma womasulira akamadutsa pakhonde paja ankamva malaya ake akukokedwa, akacheuka palibe munthu. Mawu aja akangotuluka m'kamwa mwa woweruza, iye ankapunthwa powamasulira, mpaka kalaliki ankachita kumugogodera tebulo.

Loweruka lina anakopera adiresi m'failo n'kupitako. Anapeza nyumba yokhoma, makatani atachotsedwa. Mayi wa khomo linalo, amene ankayanika zovala, anamuuza motsitsa mawu kuti mnzakeyo anachoka ndi ana osatsanzika.

"Ngakhale mchemwali wake sakudziwa kumene ali. Suzumirani, mbale zikadali musinki."

Womasulira sanasuzumire. Anawoloka msewu akuwerenga mapazi. Khumi ndi anayi basi. Pabenchi panali bambo uja, malaya osita bwino, maso ali pazenera lopanda katani.

"Akuluakulu a kukhoti!" anatero mwaulemu, osacheuka n'komwe. "Mwadzionera nokha, lamulo ndikulisunga."

Anasendera pang'ono, n'kupukuta fumbi pabenchipo ndi chikhatho kuti mlendo akhale.